Dzanja limodzi, maso pa munthu: za foni ya wapolisi wa mumsewu

Tiyerekeze kuti ndi 2 koloko usiku, mwezi wa Novembala, mumsewu wina wa mumzinda wa Bradford ku England. Kukugwa mvula ija ya mawawa, yosaoneka kukula koma yolowa mpaka m'mafupa. Wapolisi waimitsa galimoto yomwe nyali yake imodzi yakumbuyo ndi yakufa. Dalaivala watsitsa galasi, watchula dzina ndi tsiku lobadwa, koma laisensi akuti waiiwala kunyumba. Kumpando wakumbuyo kuli anyamata awiri, ndipo mmodzi manja ake sakuoneka. Wapolisiyo wavala magolovesi, kumanzere wagwira tochi, pachifuwa papachikidwa wayilesi ndi kamera. Pa nthawi imeneyi akufuna kudziwa zinthu zitatu basi. Galimotoyi ndi yobedwa? Munthuyu akufunidwa kwinakwake? Nanga anayamba wavulazapo munthu pomangidwa?

Kwa zaka zambiri yankho linkabwera pa wayilesi. Wapolisi ankaitana chipinda choyendetsera ntchito, n'kutchula nambala ya galimoto chilembo chimodzichimodzi, kenako n'kudikira kuti wa kumeneko afufuze pa kompyuta. Ngati ndi Loweruka usiku, mabala akutsekedwa, mzere wa oitana unkatalika ndipo munthu ankangoima pamvulapo. Masiku ano yankho lomwelo likhoza kubwera pa foni m'timasekondi, chithunzi cha munthuyo chili pomwepo. Koma wayilesi ili ndi ubwino umodzi umene foni ilibe: imagwira ntchito ndi pakamwa ndi khutu, maso n'kukhala pa manja a mnyamata wakumbuyo uja. Foni imalanda maso, imalandanso dzanja. Aliyense wopanga pulogalamu ya apolisi a mumsewu, akaiwala zimenezi, wapanga chida chokongola chimene chidzangogona m'thumba.

Dziko la Britain linaphunzira izi ndi ndalama zambiri. Mu Seputembala 2007, nduna yaikulu Gordon Brown analengeza kuti apolisi alandira timakompyuta ta m'manja 10,000 m'chaka chimodzi, n'cholinga choti azikhala mumsewu m'malo motha maola akulemba mafomu kupolisi. Boma linapatula mapaundi 80 miliyoni, ndipo ntchitoyo inaperekedwa ku bungwe la National Policing Improvement Agency. Pofika 2011 zida zoposa 41,000, zambiri za mtundu wa BlackBerry ndi zina zofanana nazo, zinali zitagawidwa. Mu Januwale 2012 ofesi yolondoloza ndalama za boma, National Audit Office, inatulutsa zimene inapeza. Nthawi yowonjezera imene wapolisi ankakhala kunja inali pafupifupi mphindi 18 pa shifiti. Mwa nthambi za polisi zimene zinayankha mafunso awo, imodzi yokha mwa zisanu zilizonse ndi imene inagwiritsa ntchito zidazo mosintha kayendetsedwe ka ntchito. Komiti ya aphungu yoona za ndalama, motsogozedwa ndi Margaret Hodge, inanena kuti ndalama zimene zinkayembekezeka kupulumutsidwa zinali mapaundi 125 miliyoni, koma zimene zinaoneka zinali mapaundi 600,000.

Chinavuta si zidazo kwenikweni. Lonjezo la ndale linali la chiwerengero cha zida ndi tsiku lozigawira, kotero aliyense anathamangira kugula asanadzifunse kuti chidacho chikachita ntchito yanji. M'malo ambiri anangotenga fomu ya papepala, kapena sikirini ya kompyuta yaikulu ya mu ofesi, n'kuipanikiza pa kagalasi kochepa ngati chikhatho. Choipitsitsa, zimene wapolisi walemba pa chidacho nthawi zambiri sizinkalowa zokha m'makompyuta a kupolisi. Ankalemba mumsewu, n'kukalembanso akabwerera. Ena, posakhulupirira chidacho, ankayamba alemba m'kabuku, ndiye ntchito imodzi inkalembedwa katatu. Paja mapanga awiri avumbwitsa. Nthambi zochepa zimene zinapindula ndi zimene zinayamba zakhala pansi n'kuona kuti mlandu umayenda bwanji kuchokera pamalo a ngozi mpaka kukhoti, n'kudula masitepe osafunika, kenako n'kugula chida.

Zina mwa zofunika ndi za thupi chabe, ndipo sizifuna nzeru zakuya koma kuyenda ndi apolisi usiku wathunthu. Galasi la foni silimva bwino chala chovala golovesi, ndipo likanyowa limayamba kudzidina lokha. Mabatani ayenera kukhala aakulu, otalikirana, ofikirika ndi chala chachikulu cha dzanja lomwe lagwira foniyo, chifukwa dzanja linalo lili ndi ntchito. Usiku, sikirini yoyera imachititsa khungu kwa kanthawi munthu akakweza mutu, komanso imaunika nkhope yake kwa aliyense ali mumdima. Masana padzuwa vuto ndi lina: zilembo zotuwa sizioneka. Batire liyenera kupirira shifiti ya maola khumi imene ikhoza kutalika mwadzidzidzi wina akamangidwa cha kumapeto. Ndiye pali nkhani ya pasiwedi. A chitetezo cha makompyuta amafuna yaitali, yosakaniza zilembo ndi manambala, ndipo amafuna kuti foni izidzitseka msanga, poti ikagwa pa ndewu n'kutoledwa ndi munthu wina m'menemo muli zinsinsi za anthu. Akunena zoona. Koma wapolisi wolemba pasiwedi yotere kachitatu, zala zitauma ndi chisanu, amangobwerera ku wayilesi.

Ndipo wapolisi amasokonezedwa nthawi zonse. Ali pakati pa fomu, wina wayamba kuthawa, kapena wayilesi yaitana kuti mnzake wapanikizidwa msewu wachiwiri. Foni imalowa m'thumba mmene ilirimo. Akadzaitulutsa patatha ola n'kupeza kuti zonse zafufutika, pulogalamuyo yataya munthu ameneyo mpaka kalekale, ndipo mawa lake kantini yonse idziwa.

Nkhani yolemera kwambiri ndi yoti sikirini yoyamba ionetse chiyani. Apolisi a ku Britain ali ndi nkhokwe ya dziko lonse yotchedwa Police National Computer, imene inayamba mu 1974 ndi mndandanda wa magalimoto obedwa, kenako n'kukula mpaka kusunga za anthu omangidwa, oweruzidwa, ofunidwa ndi osowa. Pa dzina la munthu pakhoza kukhala zizindikiro zochenjeza: wachiwawa, amayenda ndi zida, amathawa m'manja mwa apolisi, anayesapo kudzipha, ali ndi vuto la maganizo. Wa m'chipinda choyendetsera ntchito akamawerenga mbiri ya munthu pa wayilesi, amasefa. Sayamba ndi mlandu wakuba njinga wa zaka 15 zapitazo. Amayamba ndi mawu oti samala, ameneyo ali ndi chizindikiro cha mpeni. Kusefa kumeneku ndi luso la munthu, ndipo pulogalamu ikangokhuthula masamba asanu ndi limodzi a mbiri pa foni, luso lija latayika. Wapolisi alibe nthawi yopukusa masamba. Zimene zingamuphe kapena kupha munthu amene waimitsidwayo ziyenera kuoneka pa kuyang'ana kumodzi.

Koma apanso pali msampha. Chizindikiro chofiira chikawala, wapolisi amayandikira ali kale wokonzeka kumenyana. Nanga ngati chinaikidwa zaka zambiri zapitazo, munthuyo ali mnyamata woledzera, ndipo lero ndi bambo wa ana atatu akuchokera kuntchito? Nanga ngati dzina langofanana? Kwa ine, chizindikiro chopanda deti ndi chifukwa chake ndi mphekesera yovala yunifolomu. Pulogalamu yabwino imaonetsa kuti chenjezolo ndi la liti, linachokera pa chiyani, ndipo imaika chithunzi pafupi kuti wapolisi atsimikize kuti ndi munthu yemweyo. Komanso machenjezo akachuluka amasiya kuopsa. Dzina lililonse likamatuluka ndi zofiira, diso limazolowera n'kumangodutsa.

Chinthu china chimene foni ingapereke, chomwe wayilesi imalephera, ndi mbiri ya nyumba. Mu Okutobala 2007, mayi wina wa ku Leicestershire anadzipha pamodzi ndi mwana wake wamkazi wolumala wa zaka 18 powotcha galimoto imene analimo, atazunzidwa kwa zaka ndi gulu la achinyamata a m'dera lawo. Ofufuza anapeza kuti banjalo linadandaula kupolisi maulendo 33. Dandaulo lililonse linkatengedwa ngati kankhani kakang'ono kapadera, mazenera ogendedwa lero, kutukwanidwa mawa, ndipo panalibe amene anaziika pamodzi n'kuona kukula kwake. Wapolisi wopita kunyumba ngati imeneyo akamaona, asanagogode, kuti aka n'kachisanu ndi chiwiri chaka chino, amalowa ndi mafunso ena.

Kuti izi zitheke, nkhokwe ziyenera kulankhulana, ndipo pamenepa ndi pamene pagona mutu waukulu. England ndi Wales ali ndi nthambi za polisi za m'madera 43, iliyonse ndi mbiri yakeyake yogula makompyuta. Atsikana awiri a zaka 10 ataphedwa ku Soham, m'dera la Cambridgeshire, mu 2002, zinadziwika kuti apolisi a ku Humberside analandirapo madandaulo okhudza wakuphayo, koma nkhanizo sizinafike kwa amene ankamufufuza asanalembedwe ntchito pasukulu ku Cambridgeshire. Kafukufuku wa Sir Michael Bichard wa 2004 anati pakhale nkhokwe imodzi yogawana nkhani zoterezi, ndipo Police National Database inayamba ntchito mu 2011, patapita zaka zisanu ndi ziwiri. Wopanga pulogalamu ya pafoni amaoneka ngati akujambula mabatani, koma ntchito yake yambiri ndi yobisika: kulumikiza makina akale osiyanasiyana kuti wapolisi alembe dzina kamodzi, osati kanayi m'malo anayi.

Tsono mafomu. Bokosi lililonse pa fomu lili ndi mwini wake kulikulu: ili alifuna a ziwerengero, ili a malamulo, ili linabwera pambuyo pa kafukufuku wa imfa ya munthu. Papepala, wapolisi ankatha kudumpha bokosi. Pa foni, n'zotheka kumukaniza kupita patsogolo mpaka atalidzaza, ndipo mabwana amaikonda mphamvu imeneyi. Zotsatira zake n'zodziwika kwa aliyense amene anadzazapo fomu ya pa intaneti ali pachangu: amangodina yankho loyamba pamndandanda. Ziwerengero zimatuluka zodzaza bwino, koma zabodza.

Tengani kusecha munthu mumsewu. Lamulo la Police and Criminal Evidence Act la 1984 limati wapolisi akhale ndi zifukwa zomveka zomuganizira munthu, ndipo azilembe. Wosechedwayo ali ndi ufulu wopempha kope la zimene zalembedwa. Mu 2013 oyendera ntchito za polisi anawerenga zolembedwa 8,783 zoterezi n'kupeza kuti 27 pa 100 zilizonse zinalibe zifukwa zokwanira. Njira yachidule yothetsera zimenezi pa foni ndi kuika mndandanda wa zifukwa zokonzeratu kuti wapolisi angosankhapo. Fomu iliyonse idzaoneka yovomerezeka, koma cholinga cha lamulo chafa, chifukwa lamulo limafuna kuti iye anene m'mawu ake chimene waona pa munthu uyu, pamalo pano. Deti, nthawi ndi malo, foni idzaze yokha. Zifukwa alembe kapena alankhule yekha.

Chimodzimodzi mafunso 27 a fomu ya DASH, imene apolisi anayamba kugwiritsa ntchito mu 2009 poyeza kuopsa kwa nkhanza za m'banja. Muli mafunso ngati oti kodi anayamba wakukanyangani pakhosi, kodi mukuopa kuti akuphani. Taganizani mayi ali m'khitchini mwake, mlomo wotupa, ana akusuzumira pakhomo, ndipo amene wabwera kudzamuthandiza waweramira pa foni akuwerenga mafunso amenewa motsatira mzere. Mayiyo sakudziwa ngati wapolisiyo akulemba mawu ake kapena akuyankha uthenga wa mnzake. Kabuku ndi cholembera aliyense amadziwa tanthauzo lake, foni ayi. Choncho pulogalamu izilola kuti mafunso ayankhidwe mmene nkhani ikubwerera, osati mokakamiza dongosolo, ndipo wapolisi aphunzitsidwe kunena kuti ndikulemba zimene mukundiuza, n'kumuonetsa sikiriniyo.

Kabuku ka wapolisi si kongokumbutsira, ndi umboni. Ophunzira upolisi ku Britain amaloweza malamulo ake: osafufuta, osang'amba tsamba, osasiya mpata, osalemba pamwamba pa mawu ena kapena pakati pa mizere. Zonsezi n'zoti loya kukhoti asadzanene kuti munawonjezera pambuyo pake. Kabuku ka pa foni, monga pulogalamu ya Pronto imene apolisi a ku Scotland anayamba kugawidwa mu 2019, kamachita zomwezo m'njira ina: chilichonse cholembedwa chimadindidwa nthawi, ndipo chokonzedwa chimasiya chakale chikuoneka. Ku New York, mu Febuluwale 2020, apolisi anasiya mabuku olemba pamanja amene anagwiritsidwa ntchito kwa zaka zoposa 100 n'kuyamba kulemba pa iPhone. Kale bukulo linali m'manja mwa mwini wake, ena mpaka ankasunga milu ya mabuku kunyumba atapuma pantchito kuopera kuitanidwa kukhoti. Lero zolembazo zili m'manja mwa likulu, ndipo bwana akhoza kuziona nthawi iliyonse. Kwa woimbidwa mlandu izi n'zabwino, poti buku silingasowe mwadala. Kwa wapolisi, chida chimene anauzidwa kuti ndi chomuthandiza chasanduka kapitawo wa m'thumba, ndipo iye amadziwa.

New York yomweyo inapunthwa pa mwala wina. Inagawa mafoni a Nokia Lumia okwana 36,000, a Windows Phone, poti mapulogalamu awo anali atapangidwa kale pa makina a Microsoft. Mu 2017 Microsoft inasiya kusamalira mtundu umenewo wa Windows Phone, ndipo onse anayenera kusinthidwa. Foni imakalamba m'zaka zitatu, pomwe nkhokwe za polisi zimakhala zaka makumi.

Mphamvu ikalowa m'thumba, funso loti igwiritsidwe ntchito pa yani limakula. Mu 2018 apolisi a ku West Yorkshire anayamba kuyenda ndi timakina towerenga zidindo za zala tolumikiza ku foni, ta mtengo wosafika mapaundi 300 kamodzi. Munthu amaika chala, ndipo pasanathe mphindi yankho labwera. Lamulo limalola izi popanda chilolezo cha munthuyo pokhapokha ngati akuganiziridwa mlandu ndipo dzina lake silikudziwika kapena likukayikitsa. Ubwino ulipo: amene akadatengedwa kupolisi n'kutha maola kuti angotsimikiza dzina amamasulidwa pomwepo. Koma kachidako kamafufuza m'nkhokwe ziwiri, ya milandu yotchedwa IDENT1 ndi ya olowa m'dziko, momwe muli zidindo za anthu opempha ma visa ndi malo othawirako. Mmalawi kapena Mzambia wokhala ku Leeds, mzinda wa ku West Yorkshire, amene anapereka zidindo popempha visa ali m'nkhokwe yachiwiriyo ngakhale sanalakwepo kanthu. Magulu omenyera ufulu adandaula kuti mwanjira imeneyi wapolisi wa mumsewu wasanduka mlonda wa pachipata cha dziko, ndiponso kuti anthu akuda ndi amene amayezedwa kwambiri. Apa kapangidwe ka sikirini kali ndi mawu: ngati nkhokwe zonse ziwiri zimabwera zosankhidwiratu, wapolisi wotopa adzafufuza monsemo osaganiza, ngati ayenera kusankha yachiwiriyo ndi kulemba chifukwa, adzaima kaye. Kabokosi kamodzi kakhoza kusintha moyo wa banja.

Palinso chiyeso cha chidwi chabe. Kufufuza dzina la chibwenzi chakale, la neba, kapena la munthu amene watchuka pa nyuzi n'kosavuta ngati nkhokwe ili m'thumba ndipo palibe akukuona. Apolisi achotsedwapo ntchito, ena kuimbidwa milandu, chifukwa cha zimenezi. N'chifukwa chake kufufuza kulikonse kumasiya phazi: ndani, liti, pa chifukwa chanji. Mbali ina ya vutoli ndi foni ya mwini wake. Chida cha boma chikakhala chochedwa potumiza chithunzi cha woganiziridwa, apolisi amatulutsa zawo n'kutumizirana pa WhatsApp, komwe palibe wolondoloza, ndipo chizolowezicho chikakhazikika malire amasowa. Mu Juni 2020 apolisi awiri a ku London amene ankalondera mitembo ya akazi awiri apachibale ophedwa m'paki ina ku Wembley anaijambula pa mafoni awo n'kugawana zithunzizo. Mu Disembala 2021 aliyense analamulidwa kukhala m'ndende zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi inayi. Palibe pulogalamu ikanakonza mtima wa anthu amenewo, koma chida chogwira ntchito bwino chimachotsa chifukwa chilichonse chotulutsira foni yakoyako pamalo a mlandu.

Zonsezi zimadalira netiweki, ndipo netiweki imasowa pamene ikufunikira kwambiri: m'masitepe a nyumba zosanja, m'magalaja a pansi pa nthaka, m'zigwa za kumidzi, kapena pabwalo la mpira pamene anthu zikwizikwi akukanganirana mlongoti umodzi. Pulogalamu iyenera kulola kulemba popanda netiweki n'kudzatumiza pambuyo, ndipo iyenera kusiyanitsa momveka mayankho awiri amene amafanana maonekedwe: munthuyu alibe mbiri, ndi sindinathe kufufuza. Kusokoneza awiriwa kukhoza kuphetsa munthu.

Mawayilesi a apolisi a ku Britain amayenda pa netiweki yawoyawo yotchedwa Airwave, yomwe imanyamula bwino mawu koma ndi yofooka pa zithunzi ndi mafayilo. Mu 2015 boma linasaina makontilakiti ndi makampani a EE ndi Motorola kuti apange ina, Emergency Services Network, yoyenda pa 4G, kuti mawu ndi zina zonse zikhale pa chida chimodzi ndipo Airwave izimitsidwe pofika kumapeto kwa 2019. Chaka chimenecho chitafika, National Audit Office inati mtengo wakwera kufika mapaundi 9.3 biliyoni, kuposa woyambirira ndi 3.1 biliyoni, ndipo tsiku lozimitsa Airwave lakhala likusunthidwa kangapo chiyambire. Zina mwa zovuta kuzisamutsira pa foni ndi zimene wayilesi imachita mosadzionetsera: kudina n'kulankhula ndi gulu lonse nthawi yomweyo, ndi kulumikizana wayilesi ndi wayilesi ngakhale palibe mlongoti pafupi.

Ndiye wapolisi wa ku Bradford uja amanyamulabe zonse ziwiri. Pamwamba pa wayilesi yake pali batani limodzi lotukuka, loti chala chilipeze osayang'ana ngakhale chili m'golovesi. Akalidina, maikolofoni imatseguka yokha kwa timasekondi, mawu ake amadula ena onse pa tchanelo, ndipo a m'chipinda choyendetsera ntchito amaona pamene ali. Mnyamata wakumbuyo uja akatsegula chitseko mwadzidzidzi, foni imagwera m'matope, chala chili kale pa batanilo.